Za ufulu wa America: msonkho unali wochepa, nkhani inali ya chilolezo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani yomwe munalemba posachedwapa yokumbutsa owerenga kuti chaka cha 2026 ndi cha 250 chilengezereni dziko la United States of America ufulu wodzilamulira. Ndinasangalala kuiona, poti si kawirikawiri nyuzipepala ya Chichewa kupereka danga ku mbiri yakale chonchi. Koma muli ziganizo ziwiri zomwe zandikanika kumeza. China chinati anthu a ku America anaukira Britain atatopa ndi misonkho yolemera. Chinzake chinati George Washington ndi asilikali ake ndiwo anagonjetsa Britain. Ine ndinaphunzitsa mbiri kusekondale mpaka kupuma pa ntchito, ndipo awa ndi mayankho omwe ana ankandilembera chaka ndi chaka. Sindikuti ndi bodza lamkunkhuniza ayi, koma amakwirira chenicheni chomwe nkhaniyi imakomera.

Msonkho uja sunali wolemera. Chomwe anthuwo ankakana n'choti munthu wokhala kutsidya kwa nyanja, amene iwo sanamusankhe, azigamula za m'thumba mwawo. Ndipo atangoyamba kuinena mokweza mfundo imeneyi, inawapulumuka m'manja n'kukafika kwa anthu omwe iwo sanawaganizire n'komwe.

Tiyambire mu 1763, chaka chomwe nkhondo ya zaka 7 inatha, Britain itagonjetsa France n'kutenga Canada. Chipambanocho chinadza ndi ngongole ya mapaundi pafupifupi 130 miliyoni, ndipo boma la ku London linaganiza zosiya asilikali pafupifupi 10,000 ku America kuti azilondera malire atsopano. Nduna yaikulu George Grenville anaona kuti n'koyenera kuti madera 13 a m'mbali mwa nyanja ya Atlantic asonkheko zolipirira asilikaliwo. Kunena chilungamo, maganizo ake sanali opanda mutu. Munthu wamba wa ku England ankakhoma msonkho wochuluka zedi poyerekeza ndi mnzake wa ku Massachusetts kapena ku Virginia. Pomwe panagona vuto m'pakuti dera lililonse linali kale ndi nyumba yakeyake ya malamulo. Ya ku Virginia inayamba kukumana mu 1619. Kwa mibadwo ingapo nyumba zimenezi ndizo zinkaika misonkho ya m'dera, ndipo kwina ndizo zinkavomereza ngakhale malipiro a bwanamkubwa wotumidwa ndi mfumu. Ku Nyumba ya Malamulo ya ku London kunalibe phungu ndi mmodzi yemwe wosankhidwa ku America. A ku London ankayankha kuti mizinda ngati Manchester ndi Birmingham nayonso inalibe aphungu akeake, koma inkakhoma msonkho. A ku America ankati izo n'zosiyana: phungu wa ku England akaika msonkho pa anthu a ku Manchester, naye umamuluma, koma akauika pa anthu a ku Boston, katundu amapepuka ndi wake.

Mu 1765 kunabwera lamulo la masitampu, Stamp Act. Nyuzipepala, zikalata za kukhothi, mapepala a malo, ziphaso, ngakhale makadi osewerera, zonse zinkayenera kukhala ndi chidindo cha boma cholipira, ndipo ndalama yake inali ya Britain, yomwe inali yosowa m'maderamo. A Mkonzi, inu ngati munthu wa nyuzi mukuona nokha kuti lamuloli linaputa osindikiza, maloya ndi amalonda, anthu a pakamwa ndi cholembera. Pa 14 Ogasiti anthu a ku Boston anadzuka n'kupeza chidole chofanizira Andrew Oliver, yemwe anasankhidwa kuti azigulitsa masitampuwo, chili lende pa mtengo. Posakhalitsa mkuluyo anatula pansi udindo. Pa 26 Ogasiti gulu linathyola nyumba ya Thomas Hutchinson, wachiwiri kwa bwanamkubwa, n'kuphwanya mipando, mabuku ndi zolemba zake n'kuzimwaza mumsewu. Zimenezi sindiziyamikira, ndipo ngakhale atsogoleri ena a zionetserozo zinawachititsa manyazi. Koma pofika pa 1 Novembala, tsiku loti lamulolo liyambe kugwira ntchito, ogulitsa masitampu anali atatha pafupifupi onse. Amalonda nawo anagwirizana zonyanyala katundu wa ku Britain, mpaka anzawo a ku London ndi ku Bristol anayamba kulira kwa aphungu awo. Mu Malichi 1766 lamulolo linathetsedwa, koma tsiku lomwelo Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lina lonena kuti ili ndi mphamvu zopangira madera a ku America malamulo pa nkhani ina iliyonse. Mbali zonse zinkadziwa kuti mkangano si wa mtengo wa sitampu.

Chaka cha 1767 Charles Townshend, nduna ya zachuma ku Britain, anayesa njira ina, yoika msonkho pa magalasi, mtovu, penti, mapepala ndi tiyi polowa padoko. Cholinga china cha ndalamazo chinali kulipira abwanamkubwa ndi oweruza milandu, kuti asamayang'anenso nkhope za nyumba za malamulo za m'madera. Apa m'pomwe amayi analowerera, ndipo ndimadandaula kuti mabuku ambiri amawadumpha. Kunyanyala nsalu za ku England sikukanatheka popanda wina wopota ulusi ndi kuwomba nsalu pakhomo. Amayi ankasonkhana pa nyumba za abusa ndi makina awo opotera, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo kuvala nsalu yokhakhala yowombedwa kunyumba kunasanduka chinthu chonyadira. Patapita zaka, mu Okutobala 1774, amayi 51 a ku Edenton ku North Carolina anasaina mayina awo pa chikalata chogwirizana ndi kunyanyalako. Ku London anawajambula zithunzi zowanyoza.

Za pa 5 Malichi 1770, pomwe asilikali a Britain anawombera gulu la anthu ku Boston n'kupha asanu, zimadziwika bwino. Mmodzi mwa ophedwawo anali Crispus Attucks, wogwira ntchito m'zombo, wa magazi a ku Africa ndi a eni nthaka a ku America. Chomwe ndinkakonda kuwauza ana ndi choti loya yemwe anaimira asilikaliwo kukhothi anali John Adams, yemweyo amene pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri wachiwiri wa dzikolo. Mwa asilikali asanu ndi atatu, asanu ndi mmodzi anapezeka osalakwa, awiri anawadinda chizindikiro chamoto pachala chachikulu. Munthu wotsutsana ndi boma anaonetsetsa kuti asilikali a boma lomwelo aweruzidwe mwachilungamo.

Umboni waukulu woti nkhani sinali kulemera kwa msonkho ndi wa tiyi. Mu 1770 misonkho ya Townshend inachotsedwa, n'kutsala wa tiyi wokha, mapeni atatu pa paundi imodzi ya kulemera. Mu 1773 kampani ya East India itatsala pang'ono kugwa, tiyi ali mbwee m'nyumba zake zosungiramo katundu, Nyumba ya Malamulo inailola kugulitsa tiyiyo mwachindunji ku America. Zotsatira zake, mtengo wa tiyi unatsika. Ndibwerezenso: unatsika. Koma aliyense wogula tiyi wotsika mtengoyo akanakhala kuti wavomereza mapeni atatu aja, komanso kuti boma la ku London likhoza kupatsa kampani imodzi msika wonse. Munthu akalowa m'nkhokwe mwako osaodira n'kutengamo chimanga chimodzi chokha, sudandaula za chimangacho, umadandaula kuti mawa adzabwera ndi dengu. Ku New York ndi ku Philadelphia zombo za tiyi zinabwezedwa. Ku Charleston tiyi anatsitsidwa n'kutsekeredwa osagulitsidwa. Ku Boston, Hutchinson, yemwe tsopano anali bwanamkubwa ndipo ana ake awiri anali m'gulu la olandira tiyiyo, anatemetsa nkhwangwa pamwala kuti zombo sizichoka tiyi asanatsitsidwe. Usiku wa pa 16 Disembala 1773 amuna ena odzibisa nkhope anakwera zombo zitatu, Dartmouth, Eleanor ndi Beaver, n'kukhuthulira m'nyanja mabokosi 342.

Boma la Lord North linayankha ndi chilango chogwera onse. Kuyambira pa 1 Juni 1774 doko la Boston linatsekedwa. Aphungu a khonsolo ya dera anayamba kusankhidwa ndi mfumu, ndipo misonkhano ya anthu m'matauni, yomwe inali msana wa ulamuliro ku Massachusetts, inaletsedwa pokhapokha bwanamkubwa atalola, kupatula umodzi wa pachaka. A ku London ankaganiza kuti madera ena aona zimenezi n'kuchita mantha. M'malo mwake ku Boston kunayamba kufika nkhosa zochokera ku Connecticut ndi mpunga wochokera ku South Carolina.

Tsopano ndifike pa tsiku lomwe ine ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa masiku ambiri otchuka. Pa 6 Seputembala 1774, makhothi a mfumu ankayenera kutsegulidwa m'tauni ya Worcester, mkati mwa Massachusetts. Amuna oposa 4,000 ochokera m'midzi yozungulira, ambiri a iwo alimi, anafika n'kundanda mbali zonse ziwiri za msewu waukulu. Akuluakulu a khothi anapeza chitseko chotseka. Anawayendetsa pakati pa mizere iwiriyo, zipewa zili m'manja, akubwereza mobwerezabwereza kuti sagwiranso ntchito pansi pa malamulo atsopanowo, kuti aliyense amve ndi makutu ake. Sipanafe munthu. Zoterezi zinachitikanso m'matauni ena, ndipo chaka chisanathe mphamvu za bwanamkubwa watsopano, Thomas Gage, zinkathera m'malire a mzinda wa Boston momwe munali asilikali ake. Ulamuliro wa mfumu unagwa m'midzi ya ku Massachusetts chipolopolo chisanalire, Washington asanapatsidwe udindo uliwonse wa nkhondoyo. Mwezi womwewo nthumwi za madera 12 zinakumana ku Philadelphia, a ku Georgia okha ndiwo sanabwere, ndipo zinagwirizana kuti m'tauni iliyonse musankhidwe komiti yoonetsetsa kuti kunyanyala kukutsatidwa. Makomiti amenewa ndiwo anasanduka boma.

Sindibisa kuti makomitiwa ndi magulu owatsatira anali ndi nkhanza zawo. Wokana kugwirizana nawo dzina lake linkalembedwa m'nyuzipepala ngati mdani, anthu n'kusiya kumugula malonda. Ena ankapakidwa phula n'kuwazidwa nthenga, monga gulu lina linali litachitira kale John Malcolm, wa ofesi ya msonkho ku Boston, mu Januwale 1774. Anthu ochuluka ndithu anakhalabe okhulupirika kwa mfumu, ndipo mabanja anagawanika. William Franklin, mwana wa Benjamin Franklin, mmodzi mwa atsogoleri omenyera ufulu, anali bwanamkubwa wa New Jersey, anakana kutembenuka, natsekeredwa m'ndende ku Connecticut. Iye ndi bambo ake sanagwirizanenso bwinobwino mpaka imfa. Nkhondo itatha anthu pafupifupi 60,000 anasamuka m'dzikomo. Inali nkhondo yapachiweniweni pa mbali ina.

Mfuti zinalira pa 19 Epulo 1775, asilikali pafupifupi 700 atatumidwa kukalanda zida ku Concord. Pa Lexington anapha amuna asanu ndi atatu a m'mudzimo, koma pobwerera ku Boston anawomberedwa njira yonse ndi alimi obisala kuseri kwa mipanda yamiyala. Ngakhale zinafika apa, nthumwi za ku Philadelphia zinatumizabe kalata yopempha mtendere kwa Mfumu George III mu Julayi, mfumuyo n'kukana kuilandira. Anthu ambiri ankadzionabe ngati Angerezi olandidwa ufulu wa Angerezi. Kabuku ka Thomas Paine, Common Sense, komwe kanatuluka mu Januwale 1776 m'chinenero chomveka kwa munthu wamba, ndiko kanathandiza kwambiri kuti ayambe kunena poyera zosiyana ndi ufumu. Voti ya ufulu inachitika pa 2 Julayi 1776, ndipo pa 4 Julayi anavomereza chikalata cholengezera, chomwe Thomas Jefferson ndiye analemba mbali yaikulu. Chimati anthu onse analengedwa ofanana, ndipo boma limapeza mphamvu zake zoyenera kuchokera ku chilolezo cha olamulidwa. Ndi mfundo ya masitampu ndi tiyi yomwe ija, koma tsopano yonenedwa m'dzina la munthu aliyense.

Za Washington ndinene motere. Anali munthu wamkulu, koma ukulu wake sunali wopambana nkhondo zambiri. Mu 1776 anathamangitsidwa ku New York, mu 1777 analephera kuteteza Philadelphia. Luso lake linali losunga gulu la asilikali kuti lisabalalike, chaka ndi chaka, mpaka Britain itatopa. Anawoloka mtsinje wa Delaware usiku wa Khirisimasi mu 1776 n'kugwira asilikali aganyu a ku Germany pafupifupi 900 ku Trenton, pa nthawi yomwe anthu ake anali atataya mtima. Mu 1777 analamula kuti asilikali atemeredwe nthomba, matenda omwe ankapha anthu ambiri m'misasa. Ndipo mu Disembala 1783 anabweza yekha udindo wake kwa nthumwi za anthu ku Annapolis n'kubwerera kumunda kwake, pomwe akanatha kukakamira mphamvu ndi mfuti. Pa chimenechi ndimamuvulira chipewa.

Koma tamvani za omwe anasenza mfutizo. Joseph Plumb Martin, mnyamata wa ku Connecticut, analowa usilikali ali ndi zaka 15, ndipo atakalamba analemba zomwe anaona. Akuti mu Disembala 1777, pa tsiku lomwe boma linalamula kuti dziko lonse lithokoze Mulungu chifukwa cha chipambano cha ku Saratoga, iye ndi anzake, atagona ndi njala masiku angapo, analandira aliyense mpunga wosakwana ndi theka la kapu lomwe ndi supuni imodzi ya viniga. Kenako anawafoletsa kuti akamve ulaliki. Mawa lake analowa ku Valley Forge, ambiri opanda nsapato, mapazi akusiya magazi pa nthaka youma ndi chisanu. Mwa asilikali pafupifupi 12,000 omwe anagona mumsasawo, pafupifupi 2,000 anafa, osati ndi chipolopolo koma matenda ndi usiwa. Chakudya m'dzikomo chinalipo. Alimi ena a m'deralo ankakagulitsa kwa Angerezi ku Philadelphia, chifukwa iwo ankalipira ndi golide ndi siliva, pomwe boma latsopano linkalipira ndi mapepala omwe linkangosindikiza. Pofika 1780 boma lenilenilo linavomereza kuti madola 40 a pepala ndi ofanana ndi dola imodzi ya siliva. Pa 1 Januwale 1781 asilikali a ku Pennsylvania anagalukira akuluakulu awo chifukwa cha malipiro ndi nthawi ya mgwirizano wawo. Angerezi atatumiza anthu oti akawanyengerere kuti alowe mbali yawo, asilikaliwo anawagwira n'kuwapereka kwa akuluakulu omwewo. Ankafuna chawo, sankagulitsa dziko. Martin anakalamba ali mmphawi ku Maine.

Ndipo popanda France nkhondoyi ikanatha mwina. Kuyambira 1776 wonga ndi mfuti zinkabwera mwachinsinsi kuchokera kumeneko. John Burgoyne, mkulu wa asilikali a Britain, atagonja ku Saratoga mu Okutobala 1777 ndi asilikali pafupifupi 6,000, France inasaina pangano ndi America mu Febuluwale 1778. Spain inalowa nkhondo mu 1779, Netherlands mu 1780, moti Britain inayamba kumenya nkhondo ku Caribbean, ku Gibraltar ndi ku India nthawi imodzi. Ku Yorktown, komwe Charles Cornwallis wa Britain anagonja pa 19 Okutobala 1781 ndi asilikali oposa 7,000, zombo za ku France zotsogozedwa ndi de Grasse ndizo zinatseka njira ya panyanja, ndipo pamtunda panali asilikali zikwizikwi a ku France otsogozedwa ndi Rochambeau. Ngakhale apo Britain inali ikugwirabe New York, Charleston ndi Savannah. Aphungu a ku London ndiwo anaona kuti zafika pa mwana wakana phala, navota mu Febuluwale 1782 kuti nkhondo ya ku America isapitirire. Lord North anatula pansi udindo mwezi wotsatira, ndipo pangano la mtendere linasainidwa ku Paris pa 3 Seputembala 1783.

Tsopano za anthu omwe mawu a chikalata chija anawafika mosayembekezeka. Mu 1776 m'maderamo munali anthu pafupifupi 2.5 miliyoni, ndipo pafupifupi 500,000 mwa iwo anali akapolo, kutanthauza mmodzi mwa asanu alionse. Jefferson, wolemba kuti anthu onse analengedwa ofanana, pa moyo wake anakhala ndi akapolo oposa 600. Ine monga munthu wa ku Africa sindingawerenge chikalatacho osaganizira zimenezi. Akapolowo sanali ogontha. Ankaperekera zakudya patebulo pomwe ambuye awo ankadandaula kuti Britain ikufuna kuwasandutsa akapolo. Ena, zikwi zingapo, analowa usilikali kumbali ya America. Ochuluka kuposa apo anathawira kwa Angerezi, kuyambira pomwe Lord Dunmore, bwanamkubwa wa Virginia, analengeza mu Novembala 1775 kuti kapolo wa munthu woukira akathawa n'kudzamenya nkhondo kumbali ya mfumu adzamasulidwa. Dunmore sanachite izi chifukwa chodana ndi ukapolo, naye anali ndi akapolo ake. Koma kwa munthu womangidwa, khomo lotseguka ndi lotseguka basi.

Mmodzi mwa othawawo anali Harry Washington. Anabadwira ku West Africa, George Washington anamugula mu 1763, ndipo ankasamalira akavalo kumunda wake wa Mount Vernon. Mu 1776 anathawira ku zombo za Dunmore, natumikira kumbali ya Britain. Pangano la ku Paris linati Angerezi achoke osatenga anthu akuda kapena katundu wina wa nzika za America. Taonani kaikidwe kake, munthu ndi katundu mu mpweya umodzi. Mu Meyi 1783 George Washington anakumana ndi Guy Carleton, mkulu wa asilikali a Britain ku New York, kukafuna kuti othawa abwezedwe. Carleton anakana, nati amene analonjezedwa ufulu sangaperekedwenso. Mayina pafupifupi 3,000 analembedwa m'kaundula, la Harry lili momwemo, ndipo ambiri anapita ku Nova Scotia, komwe anakumana ndi chisanu, nthaka yamiyala ndi tsankho. Mu 1792 pafupifupi 1,200 a iwo anawoloka nyanja kukayambitsa Freetown ku Sierra Leone. Kumeneko kampani yolamulira inawaikira msonkho wa malo omwe iwo ankati analonjezedwa kwaulere, ndipo mu 1800 Harry Washington anali m'gulu la omwe anaukira, akufuna kudzipangira okha malamulo. Anagonjetsedwa, iye n'kuthamangitsidwa m'tauniyo. Mlandu womwe anazengedwa ndi womwe mbuye wake wakale amatamandidwa nawo.

Mayi wina, Elizabeth Freeman, yemwe pa ukapolo ankatchedwa Mum Bett, anatsata njira ina. Ankagwira ntchito m'nyumba ya John Ashley ku Sheffield, ku Massachusetts. Sankatha kuwerenga, koma anamva kuti malamulo atsopano a deralo a 1780 akuti anthu onse amabadwa mfulu ndi ofanana. Anapita kwa loya Theodore Sedgwick kukafunsa ngati mawuwo sakukhudza iyenso. Mu Ogasiti 1781 khothi la ku Great Barrington linamumasula pamodzi ndi mwamuna wina dzina lake Brom, n'kulamula kuti apatsidwe masheleni 30 achipepeso. Milandu ngati umenewu ndiyo inathetsa ukapolo ku Massachusetts. Pennsylvania inali itakhazikitsa kale lamulo lothetsa ukapolo pang'onopang'ono mu 1780. Koma kummwera zinthu zinalowera kwina. Kalembera wa 1790 anapeza akapolo pafupifupi 700,000, wa 1860 anapeza pafupifupi 4 miliyoni. Mlandu suola: zinatengera nkhondo ina yoopsa, ya 1861 mpaka 1865, kuti ukapolo uthe.

Amayi nawo anafunsa. Abigail Adams analembera mwamuna wake John mu Malichi 1776 kuti popanga malamulo atsopano akumbukire amayi, iye n'kuyankha moseka. Ku New Jersey kokha amayi okhala ndi chuma chawo anavotako, mpaka mwayiwo unachotsedwa mu 1807.

Omwe anataya kwambiri ndi eni nthaka. Mu 1763 mfumu inaletsa azungu kukhazikika kumadzulo kwa mapiri a Appalachian, pofuna kupewa nkhondo ndi mitundu ya kumeneko. Lamuloli linakwiyitsa osauka ofuna minda komanso olemera ogula malo kuti adzagulitse, ndipo Washington anali mmodzi mwa olemerawo. Nkhani yanu sinatchule chifukwa chimenechi, chonsecho ndi chimodzi mwa zomwe zinautsa mkwiyo. Mgwirizano wa mitundu isanu ndi umodzi ya Iroquois unagawanika. A Mohawk, motsogozedwa ndi Joseph Brant, ndi mitundu ina anatsata Britain, pomwe a Oneida ndi a Tuscarora anatsata America. Mu 1779 Washington anatuma John Sullivan kukawononga dziko la Iroquois, ndipo midzi pafupifupi 40 inatenthedwa pamodzi ndi minda ya chimanga ndi mitengo ya zipatso, chisanu chili pafupi. Ku Paris mu 1783 Britain inapereka dziko lonse mpaka ku mtsinje wa Mississippi, eni ake osaitanidwa, osatchulidwa n'komwe m'panganomo. A Oneida, omwe anathandiza America, nawonso analandidwa pafupifupi malo awo onse m'zaka zotsatira. Za chilolezo cha olamulidwa zinathera pa mapiri aja.

Nanga alimi a ku Worcester aja? Nkhondo itatha, boma la Massachusetts linaika misonkho yobwezera ngongole za nkhondo, yolemera kuposa iliyonse yomwe Britain inayesapo, ndipo inkafunika kulipidwa ndi ndalama yachitsulo. Gawo lalikulu la ndalamazo linkapita kwa anthu achuma omwe anagula motchipa zikalata za malipiro kwa asilikali osowa pogwira. Minda inayamba kulandidwa, ena n'kutsekeredwa chifukwa cha ngongole. Mu Ogasiti 1786 alimi anatseka khothi ku Northampton, mu Seputembala anatseka la ku Worcester, monga momwe anachitira zaka 12 m'mbuyomo. Mmodzi mwa atsogoleri awo anali Daniel Shays, kaputeni yemwe anamenya nawo nkhondo ku Bunker Hill ndi ku Saratoga. Samuel Adams, yemwe kale ankakolezera zionetsero ku Boston, tsopano ndiye ankafuna kuti oukirawo alangidwe koopsa, ponena kuti kuukira mfumu n'kwina, kuukira boma losankhidwa ndi anthu n'kwinanso. Mu Januwale 1787 mizinga inawombera gulu la Shays ku Springfield n'kupha anayi, ndipo posakhalitsa gululo linabalalika. Koma pa chisankho cha chaka chomwecho ovota anamuonetsa msana wa njira bwanamkubwa James Bowdoin n'kusankha John Hancock. Aphungu atsopano anachepetsa misonkho, oukira ambiri anakhululukidwa, ndipo Shays naye anakhululukidwa mu 1788. Bwanamkubwa Hutchinson ndi Gage palibe mlimi akanawachotsa ndi voti.

Zikomo, a Mkonzi, pondipatsa danga.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa mbiri wopuma pa ntchito